Mmene mungayendere ulendo wa tsiku limodzi wochokera ku Samarkand kukaona nyanja zisanu ndi ziwiri za ku Tajikistan

Ambiri amene ulendo uwu umawakanika sagonja ndi phiri ayi. Ena amabwezedwa pa zenera la ofesala pa chipata cha Jartepa, pa malire a Uzbekistan ndi Tajikistan, chifukwa cha viza. Ena amawoloka bwinobwino, koma amamwaza nthawi m'njira, n'kufika pa nyanja yachisanu ndi chimodzi dzuwa litapendeka, dalaivala n'kuwauza kuti yomalizayo aiwale. Nyanjazi, zomwe eni ake amazitcha Haft Kul, zili m'mapiri a Fann, m'chigwa cha mtsinje wa Shing, kumwera kwa tawuni ya Panjakent. Kuchokera mumzinda wa Samarkand ku Uzbekistan n'zotheka kupita n'kubwerako tsiku lomwelo, chifukwa chipata cha Jartepa chinatsegulidwanso mu 2018. Koma tsikulo ndi lothina, la maola 10 mpaka 12, ndipo chilichonse chimene simunakonze dzulo lake chimakudyerani nyanja imodzi.

Zofunika kukhala nazo

Mapepala:
- Pasipoti yotsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe, yokhalanso ndi masamba opanda chidindo.
- Chilolezo cholowera ku Tajikistan.
- Chilolezo cholowera ku Uzbekistan kachiwiri. Ichi ndiye chimagwetsa anthu, ndipo tichifotokoza pa sitepe yoyamba.
- Viza zonse zosindikizidwa papepala, osati za mufoni zokha.
- Timapepala ta kaundula tomwe mahotela a ku Uzbekistan amapereka kwa alendo.

Ndalama: zapamanja, madola ang'onoang'ono osang'ambika kapena ma som a ku Uzbekistan oti mukasinthe kukhala ma somoni, ndalama ya ku Tajikistan. Kumtunda kwa chigwa khadi la kubanki siligwira ntchito.

Zovala: nsapato zotseka za mapazi okhakhala zimene munaziyendera kale, buluku lalitali, juzi, jekete yotchinga mphepo ndi mvula, chisoti, magalasi a dzuwa.

Zina: madzi akumwa malita awiri pa munthu, kamba wa m'njira, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, pawabanki, mapu otsitsiratu mufoni, tishu, ndi mankhwala a chizungulire ngati galimoto imakusokonezani m'mimba. Zonsezi zilowe m'kachikwama kamodzi kobereka. Sutikesi isiyeni kuhotela.

Masabata angapo ulendo usanafike

1. Konzani nkhani ya viza ya mayiko onse awiri.

Ulendo wa tsiku limodzi umenewu m'maso mwa boma ndi kutuluka m'dziko ndi kulowanso. Mukangodindidwa chidindo chotulukira ku Uzbekistan m'mawa, viza yolowera kamodzi yatha ntchito, ngakhale mutakhala kuti masiku ake akadalipo ambiri. Madzulo mukabwera pa chipata chomwecho, ofesala sakulowetsani, pomwe katundu wanu ali kuhotela ku Samarkand ndipo tikiti yanu ya ndege ndi yonyamukira ku Tashkent, likulu la Uzbekistan. Choncho popempha viza ya Uzbekistan sankhani yolowera kawiri kapena kangapo. Ngati muli kale ndi yolowera kamodzi, ulendo uwu ulekeni, kapena konzani kuti mukatuluka musabwererenso, mupitirire ku Dushanbe, likulu la Tajikistan.

Ku Tajikistan nako muyenera kudziwa ngati pasipoti yanu imafuna viza. Boma la kumeneko limapereka viza ya pa intaneti kwa nzika za mayiko ena, ndipo nzika za mayiko enanso zimalowa popanda viza. Chenjezo ndi lakuti zambiri zimene mungawerenge za ulendowu zinalembedwa ndi anthu a mapasipoti a ku Ulaya, amene amangodutsa. Ngati mwanyamula pasipoti ya Malawi, ya Zambia, ya Mozambique kapena ya Zimbabwe, musatengere zawozo. Onani pa tsamba la boma la dziko lililonse ndi pasipoti yeniyeni imene mudzayendere. Kukhala ndi chilolezo chokhalira ku Britain kapena ku South Africa sikusintha kanthu: ofesala amayang'ana pasipoti, osati komwe mumalipira lendi.

Chilolezo chapadera cholowera dera la mapiri a Pamir, chomwe mudzachione pa fomu ya viza ya Tajikistan ndi dzina loti GBAO, sichifunika pa ulendo uno. Musataye ndalama.

2. Sankhani mwezi ndi tsiku.

Nyengo yabwino ndi kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Okutobala. M'nyengo yozizira chipale chofewa chimatha kutseka msewu wa kumtunda, ndipo masiku amakhala aafupi. Kumayambiriro kwa nyengo yofunda mvula imagumula miyala ndi matope n'kuzitayira mumsewu. Paja nyanjazi nazonso zinabadwa motero: mapiri anagumuka n'kutseka mtsinje wa Shing malo asanu ndi awiri, ndiye musadabwe kuona kuti malowo akadali ogumukagumuka.

Posankha tsiku, lisakhale lomaliza la ulendo wanu wonse. Musagule tikiti ya sitima ya Afrosiyob yobwerera ku Tashkent madzulo a tsiku lomwelo. Pa malire palibe amene angakulonjezeni nthawi.

3. Pezani wokutsogolerani, ndipo mumufunse mafunso ovuta musanalipire.

Mahotela ndi makampani a zokopa alendo ku Samarkand amagulitsa ulendowu, ndipo ena mumawapeza ku Panjakent. Kawirikawiri galimoto imakhala iwiri: ya ku Uzbekistan imakusiyani pa chipata, mumawoloka wapansi, ndipo ya ku Tajikistan imakudikirani tsidya linalo. Si chinyengo, ndi mmene ntchitoyi imayendera. Vuto limabwera pamene simunauzidwe.

Funsani izi, ndipo mayankho akhale olembedwa pa WhatsApp kapena pa Telegram:
- Kodi wotsogolera awoloka nanu malire, kapena mukakumana naye tsidya lina? Dzina lake ndani, nambala ya galimoto ndi iti?
- Galimoto ya kumapiriyo ndi yamtundu wanji? Ikhale yokwera m'mwamba, makamaka ya 4x4.
- Kodi mtengowo ndi wofika pa nyanja ya Marguzor, yachisanu ndi chimodzi, ndipo mwapatsidwa nthawi yoyenda wapansi kukafika pa Hazorchashma, yomaliza?
- Chakudya chamasana ndi ndalama zolowera malo zili momwemo kapena ayi?
- Amalankhula chinenero chanji? Madalaivala ambiri amadziwa Chitajiki ndi Chirasha basi, ndipo "wotsogolera" wa pa mtengo wotsika nthawi zambiri amakhala dalaivala yemweyo.
- Mukachedwa pobwerera, galimoto ya ku Samarkand idzadikira mpaka nthawi yanji?

Funso lachitatulo ndi lomwe limasiyanitsa ulendo wabwino ndi wongoyendera. Wina akakuyankhani kuti "tikaona nthawi," dziwani kuti mukathera pa nyanja yachisanu ndi chimodzi.

Usiku woti mawa ndi ulendo

4. Pakirani, ndipo chotsani zimene zingakuvutitseni pa chipata.

Uzbekistan ndi dziko lokhwimitsa malamulo pa mankhwala ena, makamaka opha ululu okhala ndi codeine kapena tramadol, komanso ena ogonetsa. Ngati mumamwa mankhwala otere, nyamulani kalata ya dokotala ndipo akhale m'paketi yake. Ndibwinonso kungotenga okwanira tsikulo. Kandege kojambulira ka drone musakayandikitse n'komwe pa malire, chifukwa kulowa nako ku Uzbekistan popanda chilolezo ndi mlandu.

Tsitsiranitu mapu a dera la Panjakent ndi Shing mufoni. Simu khadi ya ku Uzbekistan ikhoza kusiya kugwira mukangowoloka, ndipo kumtunda kwa chigwa netiweki ndi yapatalipatali. Jambulani uthenga wa dalaivala wa tsidya lina kuti muthe kuuwerenga popanda intaneti. Uzani a pahotela komwe mukupita ndi nthawi imene mukuyembekezeka kubwerako.

Tsiku la ulendo

5. Nyamukani 7 koloko isanakwane.

Kuchokera pakati pa Samarkand kukafika pa Jartepa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ulendo wosakwana ola. Mayiko awiriwa ali pa nthawi imodzi, ndiye wotchi simusintha. Amene amanyamuka 9 koloko atadya kadzutsa mwachifatse ndi omwe amakapeza mzere wa anthu pa chipata.

6. Wolokani malire mwadongosolo.

Galimoto ikakutsitsani, mumalowa wapansi mbali ya Uzbekistan. Chikwama chimadutsa pa makina ounika, kenako mumapereka pasipoti pa zenera. Vulani chisoti ndi magalasi, yang'anani kamera, yankhani zimene mwafunsidwa basi. Pasipoti yochokera ku Africa ndi yosazolowereka pa chipata ichi, ndiye musatekeseke ofesala akaitembenuzatembenuza, akaitana mnzake, kapena akakuuzani kuti muime pambali. Apa m'pamene pepala la viza losindikizidwa limakupulumutsani. Ukali suthandiza, ndipo musayerekeze kupereka kangachepe.

Mukatero mumayenda kamtunda kochepa pakati pa mipanda kukafika pa zenera la Tajikistan. Musanachoke pa zenera lililonse, tsegulani pasipoti muone ngati chidindo chadindidwa ndiponso ngati tsiku lake ndi lolondola. Foni ikhale m'thumba kuyambira polowa mpaka potuluka. Kujambula pa malire n'koletsedwa, ngakhale kachithunzi kodzijambula nokha.

Mukatuluka geti lomaliza mudzakumana ndi chikhamu cha oyendetsa matakisi ndi osintha ndalama, aliyense akukukodolani. Ena adzanena kuti ndi omwe atumidwa kudzakutengani. Musatchule dzina la dalaivala wanu poyamba. Iye ndiye atchule lanu, ndipo nambala ya galimoto igwirizane ndi imene munalemberedwa.

7. Ku Panjakent imani mwachidule.

Tawuniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa chipata, m'mbali mwa mtsinje wa Zarafshan. Apa sinthani ndalama, onjezerani madzi, gulani buledi wozungulira uja wa non ndi zipatso zouma pamsika, pitani kuchimbudzi. Mphindi 30 zakwana.

Otsogolera ambiri amafuna kuyamba kukuonetsani mabwinja a Sarazm, omwe ali pafupi ndi malire, mudzi wa zaka zoposa 5,000 umene UNESCO inauika m'kaundula wake mu 2010. Amawonjezeranso mabwinja a Panjakent wakale wa anthu a Sogdia ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa dzina la mlakatuli Rudaki. Malo onsewa ndi oyenera kuonedwa, koma osati m'mawa. Uzani wotsogolera mwaulemu kuti mudzaima pobwerera nthawi ikalola. Mabwinja amaoneka bwino ngakhale dzuwa litapendeka. Madzi a m'chigwa chothina akangolowa mumthunzi wa phiri, mtundu wake uja umazilala.

8. Kwerani chigwa, koma musatsike pa nyanja iliyonse.

Mukapatuka mumsewu waukulu n'kulowera ku Shing, tala amatha pang'onopang'ono n'kusanduka msewu wa miyala ndi fumbi. Chakumunsi mumakumana ndi malole a ku mgodi wa golide wa m'deralo, ndiye tsekani mawindo. Kuchokera ku Panjakent kukafika pa nyanja yoyamba ndi ola limodzi ndi kupitirirapo.

Nyanjazo zimatsatana motere: Mijgon, Soya, Hushyor, Nofin, Khurdak, Marguzor ndi Hazorchashma. Pa mapu ena yoyamba imalembedwa Nezhigon ndipo yachitatu Gushor, koma ndi zomwezo. Yoyamba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, yomaliza pafupifupi 2,400, pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba.

Apa m'pomwe tsiku limatayikira. Mijgon ikangotulukira pakona, madzi ake obiriwira modera ngati munthu wathiramo utoto, aliyense amafuna kutsika n'kujambula kwa theka la ola. Mukachita zimenezi kasanu, nthawi yatha. Ine ndimati pokwera imani pa Mijgon mphindi 10, chifukwa kuidutsa osaima n'kudzimana, kenako imani pamalo okwera pomwe mumaona nyanja ziwiri nthawi imodzi, basi pitirirani mpaka ku Marguzor. Zotsalazo sizithawa, mudzazipeza potsika. Khurdak ndi kanyanja kakang'ono koti mungokaonera pawindo.

M'malo ena msewu umadutsa m'mphepete mwenimweni mwa madzi, wokwana galimoto imodzi, phiri uku phompho uku. Ngati mumachita mantha, khalani mbali ya kuphiri. Musamufulumizitse dalaivala, ndipo galimoto ina ikatulukira kutsogolo n'kuyamba kubwererana m'mbuyo, khalani chete, ntchito yawo amaidziwa.

9. Yendani wapansi kupita ku Hazorchashma.

Magalimoto ambiri amathera chakumtunda kwa Marguzor, yomwe ndi nyanja yaikulu pa zonse. Kuchokera apo pali kanjira ka makilomita awiri ndi kupitirirapo kokwera ku nyanja yomaliza. Munthu wathanzi amatenga pakati pa mphindi 45 ndi ola pokwera, ndipo potsika amafulumirako. Werengerani maola awiri onse pamodzi ndi kupuma kumtunda.

Kanjirako si koopsa, koma ndi ka miyala yogubuduzika, ndipo kamayamba ndi chikweza chimene chimathetsa mpweya munthu amene m'mawa womwewo anali ku Samarkand, pamtunda wa mamita pafupifupi 700. Yambani pang'onopang'ono, moti muzitha kulankhula mukuyenda. Mutu ukayamba kuwawa kwambiri kapena mukamva nseru, imani, imwani madzi, ndipo zikapitirira tsikani. Mumadutsa pafupi ndi nyumba za miyala ndi dothi, ndipo njirayo ndi ya eni mudzi. Bulu akamabwera atasenza nkhuni kapena udzu mbali zonse ziwiri, patukirani mbali ya kuphiri, osati ya kumtsinje, chifukwa katunduyo ndi wotambalala kuposa buluyo ndipo amakankha.

Musanayambe kukwera, gwirizanani ndi wotsogolera nthawi yotembenukira. Ikakwana, tembenukani, ngakhale nyanja ili pafupi. Kumtunda kumawomba mphepo yozizira ngakhale mu Julayi, ndiye jekete isatsale m'galimoto. Za kusambira, madziwo ndi ochokera ku chipale chosungunuka ndi akasupe a m'phiri, ozizira mothetsa mphamvu m'miyendo m'kamphindi. Kuviika mapazi kwakwana.

10. Idyani chamasana kwa eni mudzi, mwaulemu wa kumeneko.

Chakudya nthawi zambiri chimakonzedwa m'nyumba zolandira alendo za m'midzi ya m'chigwamo, makamaka chakufupi ndi Nofin. Uzani wotsogolera aitanitsiretu pokwera kuti mukachipeze chapsa. Mumavula nsapato, n'kukhala pa timatiresi kuzungulira nsalu yoyalidwa pansi kapena pa kathebulo kafupi. Pamabwera tiyi wobiriwira m'timbale topanda chogwirira, buledi, msuzi wa nyama ndi mbatata, kapena mpunga wa osh wophikidwa ndi karoti ndi nyama. Mwininyumba amathira tiyi wochepa m'kambale mobwerezabwereza. Si kuumira, ndi ulemu wawo. Buledi amanyema ndi manja, ndipo sayikidwa chadodolido kapena kutayidwa pansi. Nsalu ya chakudyayo musaiponde kapena kuilumpha.

Kuno ndi kwa Asilamu a kumudzi. Kabudula wamfupi ndi malaya oonetsa mapewa n'zosayenera, kwa amuna ndi akazi omwe. Musajambule amayi ndi atsikana musanapemphe. Ana adzakuthamangirani, ena akugulitsa mikanda ndi zoluka. Gulani ngati mwakonda, koma kugawa ndalama kapena maswiti chisawawa kumangowaphunzitsa kudikirira magalimoto. Moni wa "Salom" ndi kuthokoza kwa "Rahmat", dzanja lamanja lili pachifuwa, zimakufikitsani patali. Dalaivala wamkulu kwa inu mutchuleni "aka" pambuyo pa dzina lake.

11. Tsikani kukadali kowala.

Yesetsani kuchoka ku Marguzor pofika 3 koloko masana. Potsika ndi pomwe mungaime pa Nofin, Hushyor ndi Soya malinga ndi nthawi imene yatsala. Msewu uwu si woyenda usiku. Mukafika ku Panjakent dzuwa likadalipo, ndiye kaoneni Sarazm, popeza ili panjira ya ku chipata.

12. Wolokaninso, ndipo malizani za ndalama musanawoloke.

Lipirani dalaivala wa ku Tajikistan zotsala zake, ndi kangachepe kothokoza ngati wakuyendetsani bwino. Ma somoni otsala asintheni kapena agwiritseni ntchito mbali yomweyo, chifukwa kutali ndi malire ndi ovuta kusintha. Tumizani uthenga kwa dalaivala wa ku Samarkand mukadali ndi netiweki, kapena pemphani wotsogolera amuimbire. Polowa ku Uzbekistan chikwama chimaunikidwanso, ndipo akhoza kukufunsani za mankhwala ndi ndalama zimene mwanyamula. Onaninso chidindo. Mukafika kuhotela perekani pasipoti kuti aone ngati kaundula wanu akufunika kulembedwanso, popeza mwalowa m'dziko mwatsopano.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Viza yolowera kamodzi. Tanena kale, koma ndi cholakwika chokhacho pa mndandanda uno chimene sichikonzeka tsiku lomwelo.

Kukhulupirira wogulitsa ulendo pa nkhani ya mapepala. Iye akati "palibe vuto, alendo athu onse amadutsa," akunena za alendo amene anawaonapo. Udindo wa viza ndi wanu, ndipo mukabwezedwa pa chipata ndalama za ulendo kawirikawiri sizibwezedwa.

Kusankha mtengo wotsikitsitsa osafunsa za galimoto. Kagalimoto kotsika kamatha kufika, koma kamayenda mokwawa, ndipo dalaivala wodera nkhawa galimoto yake amapeza chifukwa chobwererera pa Nofin.

Kulipira ndalama zonse kwa munthu wa mbali imodzi popanda umboni. Dalaivala wa tsidya lina akanena kuti sanalandire kanthu, mulibe pogwira. Sungani uthenga wosonyeza zimene mwalipira ndi zimene zatsala, komanso amene ayenera kulandira.

Kuvala masandasi kapena nsapato zatsopano. Kutentha kwa ku Samarkand kumanamiza anthu, n'kuiwala kuti masana adzakhala pa miyala ya kuphiri.

Kumwa madzi a mumtsinje chifukwa akuoneka oyera. Kumtunda kuli midzi ndi ziweto.

Kudzaza tsiku limodzi ndi zonse: Sarazm, msika, nyumba ya zinthu zakale, mabwinja, nyanja zisanu ndi ziwiri. Ngati zonsezi mukuzifunadi, gonani usiku umodzi ku Panjakent kapena m'nyumba ya alendo m'chigwamo, mubwerere ku Samarkand mawa lake. Mukasankha kutero, uzani hotela yanu ya ku Samarkand ndi dalaivala wa pa chipata musananyamuke, ndipo onjezerani ma somoni, chifukwa malo ogona a m'midzimo amalandira ndalama zapamanja zokha.